Tsamba la malonda la pa intaneti liziyankha mafunso a wogula

Alimi anzanga, sabata ino ndafuna tikambirane za tsamba la malonda la pa intaneti, lija achinyamata amalitcha webusaiti. Masiku ano pamisonkhano ya makalabu ndi makopaletivi sipalephera munthu woimirira n'kunena kuti, "Anzathu akugulitsa mbewu pa intaneti, ife tikudikira chiyani?" Maganizo amenewa ndi abwino, koma ine ndinawatsatira mothamanga ndipo kalabu yathu inaluza ndalama. Choncho ndati ndikuuzeni zimene ndinaphunzira, kuti dzenje limene ndinagweramo inu mulilambalale.

Ine ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza ndi soya kufupi ndi pa Kamwendo, m'boma la Mchinji. Chaka china titakolola bwino, tinagwirizana zosonkhanitsa mtedza wathu malo amodzi kuti tipeze wogula wamkulu, m'malo moti aliyense azipereka ndowa imodziimodzi kwa mavenda a masikelo a m'mbali mwa msewu. Tinasonkha ndalama, ine n'kukwera minibasi kupita ku Lilongwe kukapeza mnyamata wina wodziwa makompyuta kuti atikonzere tsamba. Patatha masabata awiri anationetsa ntchito yake, ndipo tonse tinaomba m'manja. Panali chithunzi cha thirakitala yaikulu ili m'munda wosaoneka malire, mawu a Chingerezi akuyenda okha, ndi ndime yaitali yofotokoza masomphenya a kalabu yathu.

Miyezi inadutsa popanda foni ngakhale imodzi. Mvula itayandikira, anthu akufuna ndalama za feteleza ndi za fizi, mtedza uja tinaupereka kwa mavenda omwe aja tinkawathawa. Pambuyo pake ndinakumana pamaliro ndi mayi wina amene amapanga chiponde mumzinda. Atamva dzina la kalabu yathu anati, "Abambo, tsamba lanu lija ndinaliona. Linachedwa kutseguka, ndipo litatseguka sindinapezepo mtundu wa mtedza, mtengo kapena nambala ya foni. Ndinalemba uthenga m'kabokosi kanu kaja koma simunayankhe, ndiye ndinakagula kwina." Nditafufuza ndinapeza kuti mauthenga onse a m'kabokosimo ankapita ku imelo ya mnyamata uja. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi tsamba la pa intaneti n'chiyani?

Ganizirani benchi ya pamsika. Kuti mugulitse pamsika pamafunika zinthu zitatu: malo, chizindikiro choti anthu akupezereni, ndi katundu woyala pabenchipo. Tsamba la pa intaneti nalonso lili chimodzimodzi. Choyamba pali dzina la tsamba, limene amisiri amalitcha domain. Limeneli ndi keyala yanu, ndipo limathera ndi zilembo monga .com kapena .mw, zimene zili zilembo za dziko la Malawi. Chachiwiri pali malo pa kompyuta ya kampani ina imene imagwira ntchito usana ndi usiku, kumene mawu ndi zithunzi zanu zimasungidwa. Amisiri amati hosting, ife tingoti lendi. Chachitatu ndi mawu ndi zithunzi zenizenizo.

Dzina ndi lendi zimalipiridwa nthawi ndi nthawi, kawirikawiri chaka ndi chaka, ndipo mukaleka kulipira tsamba limatsekedwa. Zinthu ziwirizi mmisiri akhoza kukuthandizani. Koma chinthu chachitatu, mawu aja, ndi ntchito yanu alimi, chifukwa mmisiri sadziwa kuti m'nyumba yanu yosungiramo mbewu muli matumba angati. Ife tinalakwa pamenepa. Tinamusiyira mnyamata wa m'tauni kuti alankhule m'malo mwathu, iye n'kulemba zimene anaona pamasamba a makampani akuluakulu.

Mafunso asanu a wogula

Munthu akaima pabenchi panu safunsa mbiri ya banja lanu. Amafunsa mafunso asanu, ndipo wogula wa pa intaneti amafunsa omwewo. Muli ndi chiyani? Zilipo zochuluka bwanji? Mtengo wake ndi wotani? Zili kuti? Ndilankhule ndi yani? Mayankho a mafunso amenewa akhale pamwamba penipeni pa tsamba, kuti munthu awaone asanayambe kutsitsa chala pafoni.

Pafunso loyamba, tchulani mtundu wa mbewu. Kungolemba kuti "mtedza" sikukwanira, chifukwa wofuna CG7 wofiira uja, amene ali ndi mafuta ambiri, ndi wosiyana ndi wofuna Chalimbana wa maso akuluakulu. Nenaninso ngati ndi woswa kapena wamakoko, wosankha kapena wosasankha, ndi chaka chimene munakolola. Wa mpunga anene ngati ndi Kilombero kapena Faya, wopuntha kapena wosapuntha. Wa nkhuku anene ngati ndi za Mikolongwe, zachikuda kapena zoyera za nyama, ndi masabata amene zakwanitsa.

Pafunso lachiwiri ndi lachitatu, gwiritsani ntchito makilogalamu. Ndowa, chitini ndi mbale ndi miyeso ya kumudzi kuno, ndipo ndowa ya pa Kamwendo siilingana ndi ya ku Mitundu. Wogula wa ku kampani amawerengera makilogalamu ndi matani, tani imodzi kukhala matumba 20 a makilogalamu 50. Mukalemba kuti muli ndi matumba 120, iye adziwiratu kuti ndi matani 6 ndipo adziwa galimoto yoti atumize. Ena amaopa kulemba mtengo poganiza kuti opikisana nawo auona. Koma wogula akasowa mtengo amangopita kwa amene walemba. Ngati mtengo umatsika kwa wogula zambiri, nenani zimenezo, ndipo nenaninso ngati mayendedwe ali pa inu kapena pa wogula.

Pafunso lachinayi, lembani boma, dzina la malo a malonda amene muli nawo pafupi, ndi makilomita kuchokera pamsewu wa tala. Musabise ngati lole siifika nthawi ya mvula. Pafunso lomaliza, lembani nambala ya foni ya munthu amene amayankhadi, ndi ina yapadera ngati yoyambayo ilibe moto. Nambalayo iyambe ndi +265, mutachotsa ziro woyamba uja, kuti ngakhale wogula wa ku Chipata m'dziko la Zambia, amene kwa ife a ku Mchinji ali pafupi, athe kuimba mosavuta. Muuzeni mmisiri akonze zoti munthu akangogunda nambalayo foni iziimba yokha, kapena izitsegula WhatsApp.

Kalembedwe kake

Munthu sawerenga pafoni monga awerengera nyuzipepala ino atakhala pamthunzi. Amangothamangitsa maso, kufuna chimene wabwerera. N'chifukwa chake ziganizo zikhale zazifupi, ndime zisapitirire mizere itatu kapena inayi, ndipo mbewu iliyonse ikhale ndi kamutu kake. Mawu okuluwika monga "ndife akadaulo otsogola pa ulimi wamakono" sauza wogula kanthu, chifukwa aliyense akhoza kulemba zomwezo. Taonani mmene tinalembera titakonzanso tsamba lathu:

"Tili ndi mtedza wa CG7 woswa ndi wosankha kale, wokolola chaka chino. Alipo matumba 120 a makilogalamu 50. Ali m'nyumba ya kalabu kufupi ndi pa Kamwendo, Mchinji, ndipo lole imafika pakhomo. Bwerani mudzaone musanalipire."

Pansi pake tinaikapo mtengo wa kilogalamu, tsiku limene tinalemba mtengowo, ndi manambala a foni awiri. Mbiri ya kalabu, chaka chimene tinayamba, chiwerengero cha mamembala ndi nambala ya kalata yathu yolembetsera ku boma tinaziika m'munsi. Zimenezi n'zofunika kwa wogula amene wakhutira kale ndi katundu ndipo akufuna kudziwa ngati ndife anthu enieni, koma zisatsekereze malonda.

Nanga chilankhulo? Lembani m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, chifukwa ogula ena a m'makampani amafufuza m'Chingerezi. Pezani mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi awerenge Chingerezicho musanachitulutse. Dziwaninso kuti Google, imene anthu ambiri amafufuzira zinthu, imayang'ana mawu amene ali patsamba lanu n'kuwafananiza ndi amene munthu walemba pofufuza. Wogula salemba dzina la kalabu yanu, poti salidziwa. Amalemba dzina la mbewu ndi dera, monga "mtedza Mchinji" kapena "groundnuts Mchinji". Choncho mawu amenewa akhale pamutu wa tsamba. Ndipo mtengo ndi nambala ya foni musazilembe m'kati mwa chithunzi mokha ayi. Zilembedwe ngati mawu wamba, kuti makina ofufuzira aziwerenge bwino ndiponso wogula athe kuzikopera.

Tsamba likhale lopepuka

Anthu ambiri kuno kwathu amalowa pa intaneti ndi foni, pa bandulo yogula ndi ndalama zovuta kupeza, ndipo madera ambiri netiweki ndi yofooka. Mmisiri akamakuonetsani tsamba pa kompyuta yake mu ofesi ya m'tauni, chilichonse chimathamanga. Inu mukaliyesere pafoni yotchipa ya membala wanu, mutaima pamsika wa kwanu. Likachedwa kwa inu, lidzachedwanso kwa wogula, ndipo iye sadzadikira.

Chimene chimalemetsa tsamba kwambiri ndi zithunzi ndi mavidiyo. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni yabwino chikhoza kulemera ma MB atatu kapena asanu, ndiye mukaika khumi mwamudyera wogula bandulo asanawerenge liwu limodzi. Chithunzi chomwecho chikhoza kuchepetsedwa mpaka chosafika theka la MB imodzi, n'kumaonekabe bwino pafoni. Njira yapafupi ndi kutumizirana chithunzicho pa WhatsApp, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi yokha potumiza, kenako n'kugwiritsa ntchito chimene mnzanu walandira. Zithunzi zitatu kapena zinayi zakwana. Nyimbo zoyamba zokha, mawu ovina ndi mavidiyo otseguka okha, zonsezi zikaneni.

Zilembo zikhale zakuda pamalo oyera, zazikulu bwino, poti ambiri amawerenga ali padzuwa ndipo ena maso anayamba kufooka. Kwa kalabu ya alimi tsamba limodzi lotsika m'munsi ndi lokwanira. Masamba ambirimbiri amangosocheretsa munthu ndi kukweza mtengo wa mmisiri.

Zithunzi zikhale zanu, mawu akhale oona

Thirakitala ija inali patsamba lathu sinali yathu, ndipo munda uja sunali wa ku Malawi. Wogula wanzeru akaona chithunzi chotere amayamba kukayika zonse. Jambulani katundu wanu weniweni m'mawa kapena madzulo dzuwa lisali lamphamvu: mtedza uli m'manja kuti kukula kwa maso ake kuoneke, matumba atasanjidwa pa mapaleti kapena pamitengo osati pansi, sikelo yanu, ndi khomo la nyumba yosungiramo kuti dalaivala akalizindikire. Mukafuna kuika nkhope za mamembala yambani mwawapempha, ndipo zithunzi za ziphaso zawo musaziike n'komwe.

Pa mawu, lembani zokhazo zimene mungazitsimikize. Tonse tikudziwa vuto la chuku mu mtedza, chimene chimabwera mtedza ukasungidwa usanaume kapena ukawazidwa madzi pofuna kuuswa mosavuta. Poizoni wa chuku saoneka ndi maso nthawi zonse, ndipo ogula akuluakulu amayeza. Choncho musalembe kuti "mtedza wathu ulibe chuku" ngati simunayezetse. Lembani zimene mumachita: kuti mumaumitsa bwino, simuwaza madzi, mumasankha ndi manja. Ngati munayezetsa, nenani kumene munayezetsa ndi tsiku lake. Chimodzimodzi opanga uchi, chiponde kapena mafuta a mpendadzuwa asaike chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards patsamba ngati bungweli silinawapatse chilolezo. Wogula amene wawononga mafuta a galimoto kuchokera ku Blantyre n'kudzapeza matumba 40 pamene munalemba 120 sadzabweranso, ndipo adzauza anzake.

Tsamba limafuna kupalira

Munda ukausiya umamera tchire, ndipo tsamba nalonso limatero. Mitengo ya mbewu imasintha kuchokera pa nthawi yokolola kufika nthawi ya dzinja, ndiponso ndalama yathu imagwa mphamvu. Mukukumbukira kuti mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mtengo wolembedwa zimenezi zisanachitike unasanduka msampha kwa mwini wake. N'chifukwa chake mtengo uliwonse ukhale ndi tsiku pambali pake. Unduna wa Zaulimi ukalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chimenecho, yang'ananinso mitengo yanu. Katundu akatha lembani kuti watha, ndipo nenani mwezi umene mudzakhale ndi wina.

Sankhani munthu mmodzi m'kalabu, kaya ndi mlembi kaya wachinyamata wodalirika, amene aziyang'ana tsamba sabata iliyonse ndi kuyankha mauthenga tsiku lomwelo. Mmisiri amuphunzitse munthu ameneyu kusintha yekha mtengo ndi chiwerengero cha matumba. Mukamadikira mmisiri pa kusintha kulikonse, mudzalipira kawirikawiri ndipo mudzachedwa.

Makiyi akhale m'manja mwanu

Vuto lathu lachiwiri linaoneka chaka chitatha. Tsamba linangozimirira. Mnyamata uja anali atalembetsa dzina la tsamba m'dzina lake ndi pa imelo yake, ndipo makalata okumbutsa za kulipira ankapita kwa iye. Nambala yake inali itasiya kugwira. Tinayambiranso ndi dzina lina, ndipo mapepala onse amene tinasindikiza okhala ndi dzina lakale anapita padera.

Musanapereke ndalama, gwirizanani polemba. Dzina la tsamba lilembetsedwe m'dzina la kalabu ndi pa imelo ya kalabu. Mapasiwedi onse alembedwe, asungidwe ndi wapampando ndi msungichuma monga musungira buku la ku banki. Mmisiri akuuzeni ndalama zimene muzilipira chaka chilichonse ndi mwezi wolipirira, ndipo mweziwo ulembedwe m'buku la kalabu. Mupempheni akuonetseni masamba ena amene anakonzapo, muwatsegule pafoni yanu. Ndalama yomaliza muipereke ntchito itatha ndipo makiyi mutalandira.

Kodi aliyense akufunika webusaiti?

Iyayi. Mlimi wogulitsa mazira kapena tomato kwa anthu a m'dera lake akhoza kuyamba ndi zinthu zimene salipira lendi. Tsamba la malonda la pa Facebook limatsegulidwa ulere. WhatsApp Business, imene inayamba m'chaka cha 2018, ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu, mitengo ndi maola ogwirira ntchito. Google nayo imalola wamalonda kulembetsa malo ake pamapu ulere, kuti dalaivala afike osasochera. Malangizo onse ndafotokozawa amagwiranso ntchito pamenepo: mafunso asanu aja, zithunzi zanuzanu, tsiku pambali pa mtengo. Webusaiti yolipira ndi yothandiza makamaka kwa kopaletivi imene ikufuna makampani, mabungwe kapena ogula akunja, poti iwowa amafuna keyala yokhazikika yoti akaione asanatumize munthu.

Chenjerani ndi akuba

Nambala yanu ikakhala poyera, akuba nawonso amaiona. Wina adzakutumizirani uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba wonena kuti ndalama zalowa, kenako n'kuimba kuti watumiza molakwitsa, mumubwezere. Musakhulupirire uthenga wokha. Yang'anani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya mafoni. Katundu wambiri alipiridwe ku akaunti ya ku banki ya kalabu, ndipo lole isanyamuke banki isanatsimikize kuti ndalama zafika. Patsamba lembanipo dzina limene wogula adzaone polipira, kuti wina asatolere ndalama m'dzina lanu.

Titakonzanso tsamba lathu motere, mafoni anayamba kubwera. Ambiri ankangofunsa mtengo n'kudula, ena ankanenerera mopitirira muyeso, koma mmodzi anabwera, anatsegula matumba asanu, anayeza pasikelo yake, n'kugula. Chaka chotsatira anaimbanso yekha tisanamalize n'kuswa komwe. Chimene chinamubweza ndi choti zimene anawerenga ndi zimene anapeza zinali zofanana.

Pomaliza, alimi anzanga, pamsonkhano wanu wotsatira tengani pepala ndi cholembera, muyankhe mafunso asanu aja musanapite kwa mmisiri aliyense. Mukatha, mupatseni pepalalo munthu amene sadziwa kalabu yanu, mumufunse ngati angathe kufika pakhomo panu ndi ndalama zokwanira atangowerenga zimenezo. Akakayika pena pake, konzani pamenepo. Tidzakumanenso sabata ya mawa.